Kulemba asayimenti yokhala ndi umboni: kuyambira polandira funso mpaka popereka

Semesita iliyonse mapepala akangobwerera, funso limakhala lomwelomwelo. Wophunzira wa ku Mzuzu University (Mzuni), wa ku University of Livingstonia kapena wa ku St John of God wagwira asayimenti yake, m'mphepete mwadzaza inki yofiira, ndipo akudandaula kuti: "Koma mabuku ndinawalemba onse kumapeto, nanga malikisi andichotsera chifukwa chiyani?" Yankho lake ndi lalitali, silingathe m'khonde pakati pa makalasi awiri, n'chifukwa chake ndalilemba pano kuti aliyense aliwerenge modekha.

Lamulo ndi limodzi, koma lili ndi mbali ziwiri. Yoyamba: mfundo iliyonse imene sinachokere m'mutu mwanu, wowerenga athe kuilondola mpaka kukafika m'buku ndi patsamba pamene munaitenga. Yachiwiri: akafika patsambapo, apeze kuti mlembi ananenadi zimene mukumunenerazo, popanda chowonjezera kapena chochotsera. Ambiri mumalimbana ndi mipumiro ndi mipatuliro ya mndandanda wa mabuku, koma malikisi ochuluka amatayikira pa mbali yachiwiriyi. Pabwalo la mfumu, mboni yonena kuti "ndinangomva anthu akukamba" amaikhazika pansi, nkuitana woona ndi maso amene anganene tsiku ndi malo. Wochonga pepala lanu amafunanso mboni yotere.

Mawu anayi muwadziwiretu. Gwero ndi chilichonse chimene mwatengamo mfundo: buku, nkhani ya m'jenolo (magazini ya akatswiri yosindikiza zofufuza), lipoti la boma, lamulo, munthu amene mwacheza naye. Citation ndi chizindikiro chachifupi cha mkati mwa ndime chosonyeza mwini mfundo. Reference list ndi mndandanda wa kumapeto wofotokoza gwero lililonse mokwanira. Plagiarism ndi kupereka mawu kapena maganizo a wina ngati anu, ndipo mlandu umakhalapo ngakhale munthu atachita mosadziwa.

1. Werengani funso, ndipo funsani kalembedwe kamene akufuna

Dulani mzere kunsi kwa mneni wa funso. Describe akufuna mufotokoze mmene chinthu chilili. Compare akufuna zinthu ziwiri ziyendere limodzi m'ndime zanu, osati chimodzi kumayambiriro china kumapeto. Discuss ndi evaluate akufuna mbali zotsutsana ndiponso chigamulo chanu. Mneniyu ndi amene akuuzeni mtundu wa magwero oti mufunefune: funso la evaluate silingayankhidwe ndi mabuku atatu onena chinthu chimodzimodzi.

Tsiku lomwelo funsani alekichala zinthu zinayi: kalembedwe ka ma citation, kuchuluka kwa mawu, chiwerengero cha magwero, ndi lamulo lawo pa mapulogalamu monga ChatGPT. Madipatimenti amasiyana ngakhale pa koleji imodzi. Ambiri amagwiritsa ntchito APA, imene buku lake lachisanu ndi chiwiri linatuluka mu 2019. Ena amafuna Harvard, ndipo Harvard ilibe buku limodzi lolamula dziko lonse, choncho pemphani kabuku ka dipatimenti yanu. A zaumoyo nthawi zina amafuna Vancouver, imene imaika manambala m'malo mwa dzina ndi chaka. Musatengere kalembedwe pa asayimenti ya mnzanu wa chaka chapamwamba. Mutengera pamodzi ndi zolakwika zake.

2. Pezani magwero oti angaime pamaso pa wochonga

Yambirani ku laibulale, ndipo musangopita ku mashelefu. Pitani kwa wogwira ntchito amene amayang'anira mabuku a pakompyuta. Chipsereni laibulale ya Mzuni mu December 2015, ophunzira a mu Mzuzu akudziwa bwino kuti buku la papepala likhoza kusowa, koma ambiri sadziwabe kuchuluka kwa zimene angapeze pa intaneti kudzera ku koleji yawo. Malaibulale a m'Malawi ali ndi mgwirizano wa MALICO umene umathandiza kupeza majenolo a pakompyuta. Palinso Research4Life, mmene muli HINARI ya zaumoyo ndi AGORA ya zaulimi. Funsani ngati koleji yanu inalembetsa ndi mmene mungalowere. Ophunzira a ODeL, amene mumaphunzira muli kwanu, chitani zimenezi pa masiku amene muli pa kampasi, mukopererenso zofunika pa fulashi, chifukwa kumudzi bandulo ndi netiweki sizidzakulolani.

Pa nkhani za kuno kwathu, African Journals Online ili ndi majenolo ambiri a mu Africa, Malawi Medical Journal imawerengedwa mwaulere, ziwerengero za boma zili ku National Statistical Office ya ku Zomba, ndipo malamulo ndi zigamulo za makhothi zili pa MalawiLII. Google Scholar ndi yabwino pofufuzira, koma ndi mlozera chabe: muyenera kutsegula nkhani yeniyeniyo, osangotenga timizere tiwiri timene imaonetsa.

Nkhani ya m'jenolo imalemera chifukwa cha peer review, kutanthauza kuti akatswiri ena a phunzirolo anaiunika isanasindikizidwe. Chenjerani, pali majenolo ena amene amasindikiza chilichonse bola mlembi walipira. Mumawazindikira ndi dzina lokuta maphunziro onse pamodzi, lonjezo losindikiza m'masiku ochepa, ndi Chingerezi chodzaza zolakwika patsamba loyamba. Mukakayika, onani ngati jenoloyo ili pa DOAJ, mndandanda wa pa intaneti wa majenolo aulere amene anaunikidwa, kapena funsani ku laibulale.

Nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times ndi umboni wabwino wa zimene zinachitika tsiku lakutilakuti ndi zimene nduna kapena mkulu wina analankhula. Koma nyuzipepala ikatchula nambala ya mu lipoti, funafunani lipotilo. Wikipedia muiwerenge kuti mumvetse mutu, kenako tsikirani kumunsi mutenge magwero ake, iyoyo musaitchule. Manotsi a m'kalasi nawonso ndi njira yokulozerani ku mabuku, ndipo alekichala ambiri safuna kuwerenga manotsi awo omwe atawabwerera ngati umboni. PDF yoyenda pa gulu la WhatsApp, yopanda chikuto, mlembi kapena chaka, isiyeni mpaka mutapeza kumene inachokera.

3. Lembani za gwerolo musanawerenge chiganizo chimodzi

Apa ndi pamene mavuto a usiku womaliza amabadwira. Munthu wajambula masamba asanu ndi foni, buku wabweza, wina walibwereka, ndipo tsopano sakudziwa mlembi kapena chaka. Zikatero ena amangopeka, ndipo kupeka gwero ndi mlandu woposa kuiwala.

Gulani hadikava imodzi ya magwero okhaokha. Gwero lililonse lipatseni tsamba lake ndipo pamwamba lembani izi. Buku: mlembi, chaka, mutu wonse, edition, wosindikiza. Chaputala cha m'buku la alembi ambiri: wolemba chaputala, mutu wake, mkonzi wa buku, mutu wa buku, masamba oyambira ndi othera. Jenolo: alembi onse, chaka, mutu wa nkhani, dzina la jenolo, volume, issue, masamba, ndi DOI, imene ndi nambala yokhazikika ya nkhaniyo yoyamba ndi 10. Tsamba la pa intaneti: mlembi kapena bungwe, tsiku, mutu, adiresi yonse.

Mukamajambula kapena kupanga fotokope, yambani ndi tsamba la mutu ndi kuseri kwake, kumene kumakhala chaka ndi wosindikiza. Musasokoneze chaka cha edition ndi chaka chimene bukulo linangosindikizidwanso osasinthidwa. Chofunika ndi cha edition. Pa PDF, nambala ya tsamba yoti mulembe ndi yosindikizidwa patsambapo, osati yoonekera pamwamba pa pulogalamu, chifukwa malipoti aboma amakhala ndi masamba ambiri a mawu oyamba ndipo manambala awiriwa amasiyana. Amene muli ndi laputopu ikanimo Zotero, pulogalamu yosunga ndi kusanja magwero. Ndi yaulere ndipo imagwira ntchito ngakhale popanda intaneti. Koma hadikava isasiyidwe. Magetsi akathima kapena laputopu ikafa, ndi imene idzakupulumutseni.

4. Manotsi ndi kulemba m'mawu anu

Ili ndi gawo limene malangizo ambiri amalidumpha ndi chiganizo chimodzi chakuti "lembani m'mawu anu", ngati kuti n'chapafupi. Si chapafupi, makamaka pamene mukulemba m'Chingerezi chimene mlembi wa buku akuchidziwa kukuposani. Chiganizo chake chimaoneka chokongola, chanu chimaoneka chopunduka, ndiye dzanja limangokopera. Plagiarism yambiri ya ophunzira oona mtima imayambira m'manotsi: munakopera ndime Lolemba, osaika chizindikiro, pofika Lachisanu mwaiwala kuti si yanu.

Choncho m'hadikava muja gwiritsani ntchito zizindikiro zitatu, osaphonya. Mawu okopera ndendende muwatsekere m'mitengero, timakoma tiwiri ta pamwamba tija, ndi nambala ya tsamba pambali. Mfundo ya mlembi imene mwailemba m'mawu anu muike chilembo M ndi nambala ya tsamba. Maganizo anu, mafunso anu ndi kutsutsa kwanu muike chilembo I, kutanthauza ine, kapena mulembe ndi cholembera cha mtundu wina. Tsiku lolemba asayimenti simudzafunika kukumbukira kalikonse. Tsamba lidzakuuzani lokha.

Tsopano kusandutsa mfundo kukhala m'mawu anu. Tipange chiganizo chongoyeserera, ngati kuti chili m'lipoti la za madzi m'matauni:

Households that rely on communal water kiosks often pay more per litre than households with private connections, because kiosk prices include the attendant's wage.

Zimene ambiri amachita ndi izi:

Families that depend on communal water kiosks frequently pay more per litre than families with private connections, since kiosk prices include the attendant's salary.

Mawu asanu asinthidwa, koma mafupa a chiganizo ndi omwe aja. Iyi ikadali plagiarism ngakhale mutaika dzina la mlembi kumapeto, chifukwa citation yopanda mitengero imauza wowerenga kuti mfundo ndi ya wina koma mawu ndi anu, pamene si anu. Kudina Synonyms pa Word kapena kuponya ndime mu pulogalamu yosinthira mawu kumabala zomwezi, nthawi zina zoipirapo, chifukwa mawu a phunziro amasinthidwa ndi ena osagwirizana ndipo wochonga amaona msanga.

Njira yogwira ntchito ili motere. Werengani ndime kawiri. Tsekani buku kapena tembenuzani foni. Fotokozani mfundoyo mokweza m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, ngati mukuuza mayi wa ku Mchengautuwa amene wanyamula chidebe: "Wotunga pa kiyosiki nthawi zambiri madzi amamudulira kuposa mwini mpopi wa pakhomo, chifukwa pa ndalama ya chidebe paja palinso malipiro a wogulitsa." Ngati simungathe kuinena m'chinenero chanu, simunaimvetse, bwererani mukawerengenso. Mukaitha, ilembeni m'Chingerezi kuchokera pa zimene mwalankhulazo, buku lili chitsekere:

Because part of what a kiosk customer pays goes to the attendant, water bought by the bucket often ends up dearer than piped water at home.

Chiganizo chayambira kwina, chayenda njira yake, koma mfundo yasungika. Chinenero chanu chimathyola kamangidwe ka chiganizo cha mlembi, ndipo uwu ndi mwayi umene wophunzira wodziwa Chingerezi chokha alibe. Kenako tsegulani buku mufananize zinthu ziwiri. Kodi pali mawu anayi kapena asanu otsatizana amene afanana ndi a mlembi? Sinthani kapena ikani m'mitengero. Kodi tanthauzo lasintha? Onani kamawu kakuti often. Mukakataya, mwamunenetsa mlembi kuti onse a pa kiyosiki amalipira zambiri nthawi zonse, zimene sananene. Mayina a phunziro monga stunting, inflation kapena photosynthesis musawasinthe. Ndi a aliyense. Ndipo ngakhale mawu onse akhale anu, citation ikufunikabe, chifukwa mfundo ndi ya mwini wake.

Mawu a mlembi ndendende muwasungire pofunika: tanthauzo la liwu limene anthu amatsutsana, ndime ya lamulo, mawu a m'ndakatulo kapena m'buku limene mukuliunika. Pepala la masamba asanu lokhala ndi mitengero m'ndime iliyonse limaonetsa kuti mwasonkhanitsa, simunagaye.

5. Yesani nambala iliyonse ndi mafunso anayi

Ndani, kuti, liti, ndipo anayeza chiyani? Nambala ikasiyana ndi mayankho anayiwa imasanduka bodza ngakhale itakopedwa bwinobwino.

Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, kutsika kuchoka pa 47 mu 2010. Taonani mmene nambala imeneyi imapotokera m'maasayimenti. Wina amalemba kuti ana 37 pa 100 a m'Malawi ndi opinimbira, wataya malire a zaka zisanu. Wina amalemba kuti ndi owonda, pamene kupinimbira ndi kufupika poyerekeza ndi zaka, ndipo kuwonda poyerekeza ndi msinkhu kunali pa ana atatu okha pa 100 m'kafukufuku yemweyo. Wina amaiika pa Mzuzu, pamene ndi ya dziko lonse. Wina amalemba ngati ndi ya chaka chino. Lipotilo linatuluka mu 2017, choncho citation imanyamula 2017, koma m'chiganizo mwanu mutchule kuti ana anayezedwa mu 2015-16. Ndipo musanaigwiritse ntchito, fufuzani ngati kwatuluka lipoti latsopano.

Chimodzimodzi kalembera wa 2018. Anapeza anthu 17,563,749 m'dziko muno ndi 221,272 mu mzinda wa Mzuzu. Kulemba kuti "Mzuzu ili ndi anthu 221,272" popanda chaka ndi kulakwa, chifukwa aliyense woona mmene nyumba zikumangidwira ku Luwinga ndi ku Zolozolo akudziwa kuti nambalayo inapitirira kale. Kukula kwa 2.9 peresenti pachaka kumene kalemberayo anapeza ndi kwa dziko lonse. Musakuike pa mzinda.

Samalaninso ndi mphamvu ya aneni. Ofufuza akalemba associated with, akunena kuti zinthu ziwiri zimapezekera pamodzi. Inu musalembe causes. Akalemba suggests kapena may, musalembe proves. Kafukufuku wochitika pa sukulu zinayi za boma limodzi akunena za sukulu zinayizo, ndipo chiganizo chanu chinene choncho. Kuti muzidziwe zimenezi muyenera kuwerenga gawo la njira zofufuzira ndi la zotsatira, osati abstract yokha, chidule cha kumayambiriro kwa nkhani chija.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale a chaka chomaliza. Mukuwerenga nkhani ya mlembi A, amene watchula zimene ananena mlembi B. Inu B simunamuwerenge, koma mukumulemba pa mndandanda ngati munamugwira m'manja. Ngati A anamumva molakwika B, cholakwacho chasanduka chanu. Funafunani B. Akasowa, tchulani B m'chiganizo, muonetse ndi mawu akuti as cited in kuti mwamupeza kudzera mwa A, ndipo pa mndandanda pakhale A yekha.

6. Mangani ndime ndi kuika ma citation nthawi yomweyo

Ndime yabwino imayamba ndi mfundo yanu, kenako umboni, kenako kufotokoza kwanu kwa chimene umboniwo ukutanthauza pa funso. Gawo lachitatuli ndi limene limabweretsa malikisi, ndiponso ndi limene limasowa kawirikawiri. Magwero awiri akatsutsana musabise limodzi. Onetsani kusiyanako ndipo nenani chifukwa chake mukukhulupirira ili kuposa ilo, kaya ndi chifukwa cha chaka, malo kapena kuchuluka kwa anthu amene anafunsidwa.

Musanene kuti ma citation ndidzaika pomaliza. Ikani pamene mukulemba chiganizocho. Mu APA mumalemba dzina la bambo la mlembi ndi chaka, monga (McCracken, 2012), ndipo pa mawu okopera ndendende mumawonjezera tsamba. Alembi akakhala awiri mumatchula onse nthawi zonse. Akakhala atatu kapena kuposa, mumatchula woyamba ndi et al., kutanthauza "ndi ena", kuyambira pa citation yoyamba. Bungwe likhoza kukhala mlembi: lembani dzina lonse koyamba pamodzi ndi chidule chake, pambuyo pake (NSO, 2019) ikwanira. Mlembi mmodzi akakhala ndi ntchito ziwiri za chaka chimodzi, zisiyanitseni ndi zilembo, 2019a ndi 2019b. Chaka chikasoweratu mumalemba n.d., kutanthauza kuti palibe chaka, koma gwero lopanda mlembi ndi chaka lomwe liyenera kukukayikitsani. Mawu okopera akafika 40, amachoka m'mitengero nkukhala ndime yakeyake yolowa mkati pang'ono.

Citation imodzi kumapeto kwa ndime ya mizere khumi siuza wowerenga pamene mlembi wayambira ndi pamene inu mwalowerera. Tchulani mlembi pamene mfundo yake yayambira, ndipo mukayamba kulankhula inuyo zioneke.

Zodziwika kwa aliyense sizifuna citation: kuti Malawi analandira ufulu wodzilamulira mu 1964, kapena kuti likulu ndi Lilongwe. Koma nambala, zotsatira za kafukufuku, tanthauzo la katswiri, tebulo, chithunzi, mapu, ndi maganizo amene wina angatsutse, zonsezi zimafuna mwini wake. Mukakayika, ikani.

Zimene mwamva pocheza ndi munthu, monga a mfumu kapena mlangizi wa zaulimi, APA imazitcha personal communication: zimatchulidwa m'ndime ndi dzina ndi tsiku, koma sizilowa pa mndandanda, ndipo munthuyo mumupemphe kaye. Izi n'zosiyana ndi anthu amene mwawafunsa pa kafukufuku wanu wa dizeteshoni. Amenewo mayina awo amabisidwa, ndipo musanapite kwa iwo pamafunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga MZUNIREC ku Mzuni. Supavayiza wanu akuuzani njira yake.

7. Mndandanda wa kumapeto

Ngati gawo lachitatu munalichita, iyi ndi ntchito ya ola limodzi. Mu APA mndandanda umatsata alifabeti ya mayina a alembi, ulibe manambala, ndipo mzere wachiwiri ndi yonse yotsatira ya gwero lililonse imalowa mkati ndi masentimita 1.27. Buku limaoneka chonchi: McCracken, J. (2012). A history of Malawi, 1859–1966. James Currey. Mutu wa buku umalembedwa mopendeketsa, ndipo mu APA yatsopano mzinda wa wosindikiza sulembedwanso. Pa nkhani ya m'jenolo chopendeketsa ndi dzina la jenolo ndi volume, mutu wa nkhani ayi. Batani la Cite pa Google Scholar komanso Zotero zimathandiza, koma zimalakwitsa zilembo zazikulu, masamba ndi mayina a mabungwe, choncho fananizani ndi hadikava yanu.

8. Turnitin, ChatGPT ndi anzanu

Turnitin, pulogalamu yofananiza asayimenti ndi zolembedwa zina, siweruza mlandu; imangoonetsa mawu ofanana ndi amene ali kale m'nkhokwe yake. Peresenti yokwera ikhoza kuchokera pa mndandanda wa mabuku ndi mawu a m'mitengero, amene alekichala angathe kuwachotsa powerengera. Peresenti yotsika ikhoza kubisa ndime imodzi yobedwa yathunthu, kapena maganizo otengedwa popanda citation. Mukapatsidwa lipoti, tsegulani muone malo aliwonse opakidwa mtundu, osangoyang'ana nambala. Machenjera oika zilembo zoyera pakati pa mawu kapena kusandutsa ndime kukhala chithunzi amadziwika, ndipo amasonyeza kuti munachita dala.

ChatGPT ndi mapulogalamu onga iyo amatha kupeka magwero: dzina la mlembi weniweni, jenolo yeniyeni, koma nkhani yoti kulibe, ndi DOI yosatsegula kalikonse. Pa nkhani za Malawi vutoli limakula chifukwa zolembedwa ndi zochepa. Gwero limene simunalitsegule ndi kuliwerenga nokha lisalowe m'pepala lanu, kaya lachokera kuti. Ngati dipatimenti imalola kugwiritsa ntchito mapulogalamuwa pa zina, tsatani malire ake ndipo nenani poyera mmene mwawagwiritsira ntchito.

Kukambirana funso ndi anzanu ku hositelo n'kwabwino. Kupatsana fayilo ya asayimenti ya munthu payekha n'koopsa, chifukwa mapepala awiri akafanana, wopereka ndi wolandira onse amaitanidwa. Kuperekanso ntchito yanu yakale ku kosi ina popanda chilolezo nakonso ndi mlandu. Zilango zimasiyana, kuyambira ziro pa asayimenti mpaka kuchotsedwa sukulu. Werengani buku la malamulo a ophunzira la koleji yanu. Pa ntchito ya gulu, mmodzi asankhidwe woona magwero a zigawo zonse, chifukwa ndime imodzi yokopera imagwetsa mayina onse a pachikuto.

9. Kuunika komaliza

Siyani tsiku lathunthu la ntchito imeneyi, ndipo ngati mungathe sindikizani pepalalo, chifukwa maso amadumpha zambiri pa sikirini. Yendani ulendo woyamba ndi pensulo kuchokera m'ndime kupita ku mndandanda: citation iliyonse ipezeke kumapeto, dzina ndi chaka zofanana. Ulendo wachiwiri bwererani kuchokera ku mndandanda kupita m'ndime: gwero limene silinatchulidwe paliponse lichotsedwe, ngakhale likukometsa mndandanda. Ulendo wachitatu zingani nambala iliyonse, chaka chilichonse ndi mawu onse a m'mitengero, nkutsegula gwero lenileni kuti mufananize chilembo ndi chilembo. Pamene mwasiya mawu pakati pa zokopera ikani timadontho titatu, ndipo onetsetsani kuti zimene mwasiyazo sizikutembenuza tanthauzo.

Mukapereka, hadikava, mafotokope ndi ma PDF musataye mpaka zotsatira za semesita zitatuluka, ndipo za dizeteshoni muzisunge mpaka mutalandira digiri. Polemba, sungani fayilo ya tsiku lililonse ndi dzina lake, monga deti la tsikulo, ndipo muzidzitumizira pa imelo. Alekichala akadzakuitanani kuti mufotokoze kumene ndime ina inachokera, mudzapite ndi hadikava, mutsegule patsamba la gwerolo, muwaonetse chilembo M, nambala ya tsamba ndi mafayilo osonyeza mmene ndimeyo inasinthira kuchokera tsiku loyamba.